Amene Sanalipire Atuluke

Ngati munaphunzira pulayimale ya boma, mawu ali pamwambawa si achilendo kwa inu. Munawamva mutakhala pa simenti yozizira kapena pansi pa mtengo wa mango, ndipo mwina tsiku lina ndinu amene munanyamula jumbo ya makope n'kuuyamba wa kunyumba anzanu akutsegula masamu. Inenso ndinawamva ndili mwana. Koma chandilembetsa sabata ino ndi chakuti patapita zaka, mawu omwewo anatuluka pakamwa panga, choko chili m'manja.

Unali mwezi wa February, nthawi imene kumudzi nkhokwe zimakhala zili pululu ndipo ana ambiri amabwera kusukulu atangosukusula kumaso basi. Ndinkaphunzitsa Sitandade 6, ana 94 m'kaundula. Tsikulo pa Social tinali pa mutu wa ufulu wachibadwidwe, ndipo ndinalemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Anabwereza katatu mokuwa, monga mukuwadziwira ana athu. Ndisanafufute n'komwe, analowa achiwiri kwa ahedi ndi pepala. Panali mayina 31 a ana omwe sanapereke K1,000 ya chitukuko. Ndinayamba kuitana mmodzimmodzi, iwo n'kumatuluka.

Mnyamata wina wokhala kumbuyo, wamkulu kuposa anzake, yemwe ankachedwa masiku ambiri chifukwa ankayamba wakamangirira mbuzi za agogo ake, anaima pakhomo n'kuloza bolodi. "Aphunzitsi, ndiye ufulu mwalembawo ndi wa amene alipira okha?" Sunali mwano ayi, ankafunsadi kuti adziwe. Ine ndinati, "Iwe tuluka, usanditayitse nthawi." Kalasi inaseka. Phunziro ndinapitiriza, koma mutandifunsa zimene ndinanena mphindi zotsalazo, sindingakuuzeni.

Chinandisowetsa tulo usiku umenewo n'chakuti ine ndine mwana wa 1994. Chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale ndinali ndi zaka 9, ndisanapondepo m'kalasi. Tinakhamukira kusukulu ngati ngumbi za mvula yoyamba, ndipo dziko lonse chiwerengero cha ana chinachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Fizi ikanakhalapo, bwenzi inu simukuwerenga izi, chifukwa sindikanadziwa kulemba. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ya boma ndi yaulere komanso yokakamiza. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino, ndimaziphunzitsa. Koma pepala litabwera, ndinaliwerenga ngati mndandanda wa osesa panja.

Musafulumire kuwaweruza ahedi athu aja. Sankadya ndalamazo. Mlonda amafuna malipiro, apo ayi zitseko ndi mabuku zipita usiku umodzi. Mayeso a teremu amafuna kusindikiza. Chimbudzi cha atsikana chinali chitagwa ndi mvula. Ndalama ya SIG ilipo, koma amene anagwirapo bajeti ya sukulu akudziwa kuti siifika pa zonsezi. Ndiye kupempha makolo kuti athandize si tchimo. Cholakwika chinali chakuti ngongole ya kholo tinkalipiritsa mwana, ndipo ankalipira ndi masiku a m'kalasi, kuphatikizapo manyazi otchulidwa dzina pamaso pa anzake.

Nditaitchula nkhaniyi mu stafu, mayankho ake mukuwadziwa kale. "Achimwene, mwayamba za ma NGO?" Wina anati, "Mukufuna akutumizeni kusukulu ya kutsidya kwa mtsinje eti?" Madamu ena achikulire, omwe anatsala zaka ziwiri kuti apume, sanaseke nawo. Anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mwanawe, ndalama imeneyi sakhazikitsa ahedi. Amagwirizana ndi komiti ya sukulu ndi a PTA. Ukalimbana ndi ahedi ungotaya malovu. Pita kumene amagwirizanako."

Ndivomere pano kuti misonkhano imeneyo ndinkaithawa. Ndinkaiona ngati ya anthu okangana za njerwa. Koma ulendo umenewu ndinapempha ahedi kuti andipatse mpata woyankhula, ndipo sindinatenge buku la malamulo. Ndinatenga kaundula. Ndinawerengera masiku amene ana 31 aja anajomba chithamangitsireni, ndipo anakwana 143 m'masabata atatu okha, kalasi imodzi. Ndinawauza makolo kuti mwana tikamubweza Lachiwiri sabwera Lachitatu ndi ndalama. Amapita kukapalira m'munda mwa eni, amapita kudambo, ndipo akazolowera, sukulu imayamba kumuchititsa manyazi.

Panali phokoso ndithu. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti iye analipirira ana anayi atagulitsa nkhuku, nanga enawo ndi ndani kuti aphunzire ulele? Funso labwino limenelo, ndipo ine ndinalibe yankho. Anayankha ndi mayi wina wa mother group, wosadziwa kulemba dzina lake koma wodziwa khomo lililonse m'midzi isanu yozungulira sukuluyo. Anati, "Bambo, inu munali ndi nkhuku yogulitsa. Tiyeni tikuperekezeni kwa agogo akusunga adzukulu asanu aja mukatisonyeze khola." Anthu anati zii. Amfumu, omwe nthawi yonseyi amangomvetsera, ndi amene anamanga mfundo: mwana asabwezedwenso chifukwa cha ndalama, kholo limene silinapereke liitanidwe ndi komiti kudzera kwa mfumu yake, wopanda ndalama atute mchenga kapena aumbe njerwa za chimbudzi, amayi a mother group alembe ana amasiye ndi okhala ndi agogo kuti asawerengedwe, ndipo mayina amenewo asatchulidwe m'kalasi. Ndinaonetsetsa kuti alembi alemba zonse m'buku la msonkhano, chifukwa mfundo ya pakamwa imatha ndi teremu.

Musaganize kuti zinathera m'manja ndi nthungululu. Teremu imeneyo ndalama zinatoleredwa zochepa. Mlonda anakhala mwezi osalandira mpaka tinasonkha aphunzitsi, ndipo anzanga ena moni wawo unafupika. Mwa ana 31 aja anabwerera 29. Mmodzi banja lake linasamuka. Winayo anali mtsikana wa zaka 15, ndipo pofika Isitala tinamva kuti ali pabanja.

Apa ndi pamene ndinaona kuti zida zilipo, ife aphunzitsi ndi amene sitizigwira. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu kuti mpata wokwatitsa mwana makolo akavomera utsekeke. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana pogwiritsa ntchito mafumu ake, makolo ndi anthu wamba omwe ankaitsina khutu. Pali nambala yaulere ya 116 yonenerako nkhanza za ana. Pali alangizi oteteza ana m'madera, pali a Victim Support Unit kupolisi. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akachira inayamba kale mu 1993. Zonsezi zimadikira munthu mmodzi woti anene kuti mwana wakuti sakuonekanso, ndipo munthu woyamba kudziwa ndi amene amaitana mayina m'mawa uliwonse. Ife tinachedwa. Pamene tinkapita ndi amayi aja ndi mlangizi, mtsikanayo anali kale ndi pakati. Ukwati unatha, koma m'kalasi sanabwerere. Ndikamuona pamsika ali ndi mwana kumbuyo amandipatsa moni mwaulemu, "Mwaswera bwanji aphunzitsi," ndipo ine ndimakumbukira kuti dzina lake linali lachisanu ndi chiwiri papepala lija.

Ndikudziwa kuti pagulu lino aphunzitsi tilipo ambiri, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Tikamva za chilungamo ndi ufulu, ambirife timaganiza za wekishopu ya kuloji, ya fanta ndi alawansi, ndipo tikapanda kuitanidwa timati mwayi unatidutsa. Inenso alawansi ndimaifuna, musandione ngati mngelo. Koma mipata yeniyeni ili pafupi ndipo ilibe envulopu. Komiti ya sukulu imakumana. Mother group ilipo, ndipo kawirikawiri imasowa munthu woithandiza kulemba lipoti. Ku TDC timasonkhana pa CPD, ndipo palibe choletsa kupempha a PEA kuti tsiku lina tikambirane za ana obwezedwa m'malo mobwereza za masikimu. A TUM tisamawakumbukire pa nkhani ya malipiro yokha. Ngakhale kalabu ya ana ya Lachitatu masana ikhoza kukhala malo oti ana afunse mafunso ngati la mnyamata uja popanda wowauza kuti atuluke. Kumbukirani kuti ana achi Rasta ankabwezedwa pazipata za sukulu za boma chifukwa cha tsitsi kwa zaka zambiri, ife tikuona ngati ndi mmene zimakhalira, mpaka khothi lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti aziloledwa. Amene ankawabweza pachipata anali anthu ngati inu ndi ine, ongotsata zimene anapeza.

Chenjezo lokha, poti ndife antchito a boma ndipo tili ndi ana odyetsa. Musavale nsalu ya chipani pa nkhani zimenezi, mudzaziphera nokha. Musapite nokha kunyumba ya mwana, tengani amayi a mother group kapena a komiti. Musajambule mwana wa eni n'kumuika pa Facebook kuti anthu akuyamikireni. Ndipo ahedi musawadzidzimutse pagulu. Auzeni kaye, chifukwa ambiri a iwo pepala lija amalilemba mtima ukuwawa.

Mnyamata wa mbuzi uja anabwerera sabata yotsatira. Pa buleki ndinamuitana n'kumupepesa. Anadabwa, anayang'ana uku ndi uku ngati pali msampha, kenako anafunsa, "Ndiye likabwera pamayeso ndilembe ziti?" Ndinamuuza kuti alembe za pabolodi zija. Linabweradi, ndipo anakhoza.

Chaka chatha anandisamutsa, osati chifukwa cha nkhaniyi, ndinapempha ndekha kutsatira banja. Sukulu yatsopano, ahedi atsopano, anthu abwino. Lolemba lapitali mwana wa Sitandade 8 anagogoda pakhomo la kalasi yanga atanyamula pepala. Ndinalilandira, ndinalipinda, ndinaliika m'thumba, ndipo pa buleki ndinapita ku ofesi kukapempha mpata. Komiti ikukumana Lachisanu. Kaundula ndamuika kale m'chikwama, koma masiku ojomba sindinamalize kuwerengera.