Udzu wa ku Nkhotakota m'bafa la amayi

Kuno kwa Kaomba, mwezi wa October madzi amawerengedwa ndi ndowa. Ndowa iliyonse ikamachoka pa mjigo imakhala ili kale ndi mwini wake: iyi yophikira, iyi yosamba ana asukulu, zotsalazo zonse za ku nazale. Ndipo nazale ndiye mfumu. Wokulira ku Kasungu aliyense akudziwa kuti kuyambira September mpaka mvula itagwa, mbande za fodya zimayamba kumwa munthu asanaone n'komwe kapu ya tiyi. M'nyengo yotereyi ndi pomwe ine ndinasunga udzu wa m'nyanja masiku 23, m'bafa lochapira la amayi, n'kumauthira madzi a pa mjigo womwewo.

Ndifotokoze kaye komwe zinachokera, mungaone ngati mutu unabalalika. Ndinamaliza ku Chanco zaka zingapo zapitazo, ndipo zomwe zinatsatira mukuzidziwa ambiri a inu: kuphunzitsa pa pulayiveti teremu imodzi, ka ganyu ka kafukufuku ka miyezi iwiri, kutumiza ma CV mpaka bando kutha. Chaka chatha ndinayamba kupanga ma aquarium, mabokosi agalasi aja owetera nsomba zongoonera. Ndinaphunzira pa YouTube usiku. Awiri oyamba anali ang'onoang'ono, okhala ndi maluwa apulasitiki. Kenako bambo wina wa loji pa boma anati akufuna lalikulu, lotalika mita imodzi ndi pang'ono, lokhala ndi nsomba za m'nyanja yathu ndi zomera zenizeni. Anapereka theka la ndalama. Theka linalo linachokera ku banki m'khonde, ndipo dzina lolembedwa m'buku la gululo si langa, ndi la amayi.

Ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake. Umayamba kumata galasi, kudikira silikoni aume, kuthira mchenga ndi madzi, kenako zomera, nsomba pamapeto. Koma galasi lakutsogolo linang'aluka pa minibasi pochokera ku Lilongwe, ndipo sabata yomweyo msuweni wanga anatulukira kuchokera ku Nkhotakota, pa msewu wa M18 wodutsa m'nkhalango muja, atanyamula jumbo yodzaza udzu wokulunga m'chitenje chonyowa. Anali atapeza mayendedwe aulere, sakanadikira. Udzuwo anatola pomwe asodzi amakokera khoka, poti khoka likamatuluka limazula zomera za pansi pa madzi n'kuzisiya pa mchenga kuti ziume. Tinawerenga timatsinde 60 tokhala ndi mizu. Zomera zinalipo, poti n'kuzidzala panalibe.

Dzina lake m'mabuku ndi Vallisneria, polemekeza katswiri wina wa ku Italy, Antonio Vallisneri. Masamba ake ndi aatali, opyapyala ngati lamba, onse ochokera pa tsinde limodzi lalifupi, ndipo umafalikira potulutsa timphukira toyenda pansi monga amachitira kapinga. Umamera m'malo osaya a mchenga m'nyanja ya Malawi, momwe tiana ta nsomba timabisala. Chomwe chinandisangalatsa powerenga ndi kaberekedwe kake. Duwa lachikazi limakwera pa kachingwe mpaka pamwamba pa madzi, maluwa achimuna amathothoka pansi n'kuyandama, mphepo n'kuwakankhira komwe kuli lachikazi lija. Ku Germany kuli anthu amene udzu umenewu amaugula m'sitolo, n'kumatchula mayina a mbuna zathu ngati mayina a ana awo, poti ku Senga Bay nsombazi zakhala zikutumizidwa kunja kuyambira m'ma 1970. Ife eni ake timangoti zinyalala za m'khoka. Sindikudandaula ayi, udzu waulere ndi umene unandithandiza, koma zimandiwawa pang'ono.

Ndinaimbira mnzanga amene anaphunzira za nsomba ku Bunda. Anandiyankha ndi voice note ya mphindi zisanu ndi imodzi, yoyamba ndi kuseka. Mfundo zake zinali zoti ndichotse m'jumbomo tsiku lomwelo, chifukwa mumdima ndi motentha masamba amayamba kuwola. Masamba a chomera cha m'madzi alibe chikopa cholimba chotchinga kuuma ngati a chimanga, ndiye kungowasiya pa mphepo kamphindi amafota. Ayenera kumira onse. Kuwala akufuna, koma osati dzuwa lamasana la October, lomwe limatenthetsa madzi a m'bafa ngati osamba odwala n'kumeretsa ndere. Madzi ndizisintha pang'onopang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu pa masiku awiri aliwonse. Akakhala a pampopi ayambe agona usiku kuti klorini achoke, koma a pa mjigo ali bho. Zoti madzi a m'nyanja yathu ali ndi pH ya cha m'ma 8 ananenanso, n'kuti udzuwu si wovuta, usaope aise.

Kenako mawu anasintha. Anati ndiyang'ane nkhono.

Apa ndiye pamene nkhaniyi inasiya kukhala yosewera. Likodzo limayenda ndi nkhono zazing'ono za mtundu wa Bulinus, ndipo nkhonozi zimakonda kukakamira pa zomera za m'madzi osaya, malo enieni omwe udzu wangawu unachokera. Nkhono yodwala imatulutsa tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timaboola khungu la munthu wopisa dzanja m'madzimo. Tizilomboto tikasowa munthu timafa pakatha masiku awiri kapena atatu, koma nkhono ikakhalamo imangotulutsa ena tsiku ndi tsiku. Pakhomo pathu pali ana awiri a achemwali anga, ndipo mwana akaona madzi m'bafa amaona chidole. Ndinavala majumbo m'manja, n'kuyang'ana tsamba lililonse ndi tochi ya foni. Ndinapeza tinkhono 7, ndi timagulu ta mazira tooneka ngati mamina tomatirira kumasamba. Mtundu wake sindinayese n'komwe kuuzindikira, ndinangophwanya zonse n'kukwirira. Masiku asanu otsatira ndinkabwereza usiku uliwonse, poti nkhono zimayenda kukada.

Amayi ankangondiyang'ana ali pa mkeka. Tsiku lachitatu anati, "Iwe, madzi ogonawa sutiweteramo udzudzu?" Analondola. Kukatentha chonchi, dzira la udzudzu limafika pouluka pasanathe masabata awiri. Anatulutsa neti yakale, yomwe inali itasanduka mpanda wa anapiye, tinaichapa n'kuphimba bafa lija, m'mphepete n'kutsindira njerwa. Neti inathetsa nkhani zitatu pakamodzi: udzudzu, ana, ndi nkhuku zomwe zinali zitayamba kale kujompha masamba.

Za madzi tinachita kupangana ngati anthu a pa msika. Ndowa yanga imodzi, ndiye kuti ine ndizidzuka 4 koloko kukathandiza kutunga a ku nazale, ma trip awiri a wilibala. Madzi akale ochotsa m'bafa ndinaganiza kuti azipita ku mbande kuti asawonongeke, amayi anakana kwa mtu wagalu. Ku nazale sikupita chinthu chosadziwika kochokera, ngakhale munthu wosuta kumene saloledwa kugwira mbande asanasambe m'manja, kuopa matenda. Ankapita pa tsinde la mango. Masamba ovunda ndinkawayanika padzuwa mpaka aume gwa, osawataya ku dambo. Namasupuni amene amatseka Shire ku Liwonde n'kumavutitsa makina amagetsi ku Nkula anachokera ku South America, ndipo m'mayiko ambiri anafika ngati duwa lokongoletsera madamu. Udzu wangawu ndi wa m'dziko momwe muno, komabe kwawo ndi ku nyanja, ku Chitete si kwawo.

Pomwe tinatsutsana kwenikweni ndi pa nkhani yometa. Mbande za fodya zikakula mvula isanabwere, mlimi amazimeta nsonga za masamba kuti zisatalike, zifanane msinkhu, tsinde linenepe. Kukatsala masabata ochepa kuti awokere amachepetsa kuthirira kuti zikhwime, zizolowere ludzu, osati zikafike kumunda zili zalobodo. Ndi luso losunga chomera pamalo podikirira osachipha, ndipo amayi alichita zaka zoposa zanga zakubadwa. Ndiye ataona masamba a udzu wanga atapindika m'bafa chifukwa cha kutalika, anabwera ndi sizasi. Ndinawaletsa. Tsamba la Vallisneria ukalidula pakati silipitiriza kukula, nthawi zambiri limayamba kuwola kuchokera podulapo. Ngati lawonongeka umalichotsa lonse kuyambira patsinde. Anandiyang'ana, n'kuti, "Ndiye udzu wa ulesi umenewu. Kumeta ayi, ludzu ayi, dzuwa ayi. Wafanana ndi mwini wake." Achemwali anaseka mpaka kutsamwa.

Koma pa sabata yachiwiri amene anapulumutsa zinthu ndi iwo omwewo. Udzu wongoyandama unayamba kuyezuka, mizu ina kuda. Mnzanga wa ku Bunda anati ndi njala, madzi a pa mjigo okha alibe chakudya chokwanira, ndipo chomerachi chimadya kwambiri ndi mizu. Amayi voice note sanaimve, anangoyang'ana n'kunena kuti chinthu cha mizu sichigona m'malere masiku onsewa. Mbewu ya mbatata imasungidwa kudimba itazikidwa, mitengo ya chinangwa imaimikidwa pamthunzi matako ali m'dothi. Tinadula mabotolo apulasitiki pakati, pansi tinaika dothi lakuda pang'ono la kudimba, pamwamba mchenga wotsuka wa kumtsinje, botolo lililonse timatsinde tinayi kapena tisanu, n'kumiza mabotolowo m'bafa. Ndinayamba kuwafotokozera kuti polumikizana mizu ndi masamba pasakwiriridwe, iwo anandidula: "Mtima wa mbande sukwiriridwa. Ukundiphunzitsa ine kuwokera?" Patatha masiku asanu ndi limodzi, botolo lina linatulutsa kamphukira koyera koyenda pamwamba pa mchenga, kumapeto kwake kuli timasamba tiwiri.

Masiku amenewo ndinkakumbukira nkhani ija ya m'mbiri, ya Jonathan Duncan, wosamalira munda wa mishoni ya Blantyre, amene mu 1878 anabwera ndi mbande za khofi kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Amati zinali zitatu, ziwiri zinafera m'njira, imodzi yotsalayo n'kukhala kholo la minda yoyamba ya khofi kumapiri a Shire. M'mabuku nkhaniyi imatha ndi mizere iwiri. Palibe amene amafotokoza za masabata a pa sitima ndi pa bwato, kuti ndani ankadzuka kukasuntha bokosilo dzuwa likatembenuka, kapena kuti madzi othirira ankawapempha kwa yani. Ine bafa langa ndinkalikoka kawiri pa tsiku, m'mawa kum'mawa kwa khonde, masana kuseri kwa nkhokwe, ndipo msana unkandiuza kuti ntchito yeniyeni ya Duncan inali imeneyo.

Ena anafa ndithu. M'mawa uliwonse ndinkapeza tsamba lasanduka ngati thelele, kungoligwira n'kusungunuka. Tsinde likafewa n'kuyamba kununkha, ndiye kuti basi, ndinkalichotsa msanga lisawononge madzi a anzake. Ndinkawerenga otsala ngati mmene amayi amawerengera masiku a msonkhano wa banki m'khonde, womwe unkayandikira Lachinayi lililonse osasamala kuti galasi lili pati. Wa loji anaimba kawiri. Ulendo wachiwiri anafunsa ngati sitingangoikamo maluwa apulasitiki. Ndinati ayi bwana, dikirani pang'ono, uku mtima ukugunda, poti maluwa apulasitiki akanatsitsa mtengo womwe tinagwirizana.

Galasi latsopano linafika pa tsiku la 14, nditalifungatira ndekha pamiyendo kuchokera ku Lilongwe, makilomita oposa 120, kondakitala akundilipiritsa mpando wachiwiri. Kumata kunatenga tsiku limodzi. Silikoni ndinamupatsa sabata yathunthu, chifukwa madzi okwana malita 200 akaphulika m'chipinda cholandirira alendo palibe chopepesa. Kenako tsiku limodzi lodzaza madzi kuona ngati pakudontha. Pa tsiku la 23 ndinakweza mabotolo aja pa kabaza, m'ndowa ziwiri zophimba ndi chitenje chonyowa, wakabaza akufunsa ngati ndi mankhwala achikuda. Mwa timatsinde 60 tija tinafika 41, kuphatikizapo tiana 5 tobadwira m'bafa.

Amayi anatenga bafa lawo madzulo omwewo, analitsuka ndi phulusa, n'kuliyanika masiku atatu asanachapiremo. Mbande zawo zinadikirabe. Anazimetanso kachitatu, ndipo mvula yodzalira itagwa tinazula m'mamawa, bedi titalinyowetsa kaye kuti mizu isaduke, n'kuziika m'madengu pamthunzi titaphimba ndi masaka onyowa. Mbande yozula sigona, iyenera kulowa m'nthaka tsiku lomwelo, ndiye tinawokera mpaka mdima.

Nsomba ndinaziika patatha masabata atatu, mbuna 12 zochokera ku Salima. Mbuna ndi nsomba zokumba. Zimatapa mchenga ndi pakamwa n'kukalavula kwina, ndipo sabata yoyamba zinazula timatsinde titatu, ndinatipeza tikuyandama pamwamba. Pano Loweruka lililonse ndimapita pa boma kukadzalanso tozulidwa, tsinde lililonse n'kulizunguliza timiyala ta m'munsi mwa phiri la Kasungu kuti zisafike pa mizu. Wa loji anamaliza kulipira, kupatula ndalama ya galasi loyamba lija, yomwe akuti si nkhani yake. Ku banki m'khonde kwatsala Lachinayi liwiri.