Masamba Amayezedwa Akapsa

Mu 2023 mayi a kunyumba kwanga adali oyembekezera, ndipo atapita ku sikelo adauzidwa kuti magazi awachepera. Adawapatsa mapiritsi ndi malangizo akuti azidya masamba ambiri. Mlongo wanga, yemwe adaphunzira za kadyedwe, adanditumizira uthenga wakuti azidya sipinachi wophika wolemera magalamu 180 tsiku lililonse. Nditamuuza kuti kuno ku Matope tilibe sikelo m'nyumba, adandiyankha mwachidule kuti, "Achimwene, imeneyo ndi kapu imodzi."

Ine mwalimu wa madrasa, wozolowera kutsata cholembedwa, ntchito yoyezayo ndidaitenga kukhala yanga. M'mawa uliwonse ndinkagula sipinachi kwa alimi a m'madimba a m'mbali mwa Shire, kumuduladula, kudzaza kapu, n'kupereka kuti aphike. Zikaphulidwa pamoto zinkangokwana masupuni awiri. Mayiwo ankadya mwakachetechete, ine n'kumati ntchito ndagwira.

Patatha masabata awiri amayi anga adafika kuchokera ku Makanjira. Ataona kambaleko adafunsa kuti, "Mwana wanga, ndiwo izi n'za mpongozi wanga kapena za mbalame? Masamba aawisi amanyenga maso. Munthu amayeza akapsa."

Ndidachita manyazi. Mawu akuti "wophika" ndidawawerenga, koma sindidawalabadire. Komatu ku koleji tidaphunzira kuti saa, muyezo wa zakaatul-fitr, ndi wa chotengera, ndipo kulemera kwake kumasintha malinga ndi chimene wathiramo. Phunzirolo ndidalisiya m'kalasi. Safunsa adadya phula.

Tsiku lotsatira ndidabwereka sikelo yaing'ono pa Zalewa, ndipo mlongo wanga adanditumizira miyezo ya akatswiri a zakudya a boma la America. Kapu imene iwo amanena ndi ya mamililita 240. Mukafuna kudziwa ngati yanu ndi yotero, tengani botolo la madzi la theka la lita: liyenera kuidzaza kawiri n'kutsala timadzi pang'ono. Kapu yotere ya sipinachi wamuwisi imalemera magalamu 30 okha, pamene ya wophika, mutatsanula madzi, imalemera 180. Chifukwa chake n'chakuti masamba aawisi amasiya mipata yambiri m'kapu, koma akawira amafota n'kuthithikana. Choncho mayiwo ankalandira gawo limodzi mwa magawo 6, mwinanso kuchepera apo.

Masamu ake ndi osavuta. Tengani magalamu amene mwauzidwa, muwagawe ndi 180. Magalamu 90 ndi theka la kapu, 360 ndi makapu 2, ndipo 900 ndi makapu 5. Masamba ena ali ndi muyezo wawo: kapu ya bonongwe wophika ndi magalamu pafupifupi 130, ya mpiru 140. Poyeza musakanikize ndi chipande, ndipo muyeze musanathire tomato kapena nsinjiro.

Ndidaphunziranso kuti kapu ya sipinachi wophika ili ndi ayironi wokwana mamiligalamu pafupifupi 6, pamene mayi woyembekezera amafunika 27 pa tsiku, ndipo thupi silitenga wonse amene ali m'masamba. N'chifukwa chake masamba sangalowe m'malo mwa mapiritsi a ku chipatala. Tomato ndi mandimu zimathandiza thupi kutenga ayironiyo, usipa nawonso umawonjezera, koma tiyi womwera pa chakudya amatchinga.

Kuyambira pamenepo dengu lathu lidayamba kubwera lodzaza, ndipo kapu idasamuka kuchoka m'manja mwanga kupita m'manja mwa amayi, pafupi ndi mafuwa. Ulendo wina wa ku sikelo anamwino adati magazi akukwera. Mwana adabadwa bwino, Alhamdulillah.

Abambo anzanga, mukafuna kuthandiza kukhitchini mwachita bwino. Koma musanagwire kapu, yambani mwafunsa eni mphika ngati chimene mukuyezacho n'chachiwisi kapena chakupsa.