Mzamba ndi Mauka Obwerezabwereza

Pa ntchito ya namwino amenenso ndi mzamba, odwala ovuta kuwathandiza ndi amayi amene amabwera katatu kapena kanayi pa chaka akudandaula za kuyabwa ndi chikazi chachilendo. Anthu amangoti ndi mauka, koma mzamba amadziwa kuti dzinali limaphimba matenda angapo amene mankhwala ake ndi osiyana, ndipo popeza zipatala zambiri za kumidzi m'Malawi zilibe zipangizo zoyezera chikazi, luso lake limagona pa kufunsa ndi kuyang'ana.

Chikazi choyera, cholimba ngati chambiko, chimaloza ku Candida, kafangayi kamene kamakhala m'thupi kale koma kamachuluka mayi akakhala woyembekezera, akamamwa maantibayotiki kawirikawiri, kapena akakhala ndi matenda a shuga kapena HIV. N'chifukwa chake mayi wobwera mobwerezabwereza amayenera kuyezedwa magazi asanapatsidwenso mankhwala a clotrimazole. Chikazi chamadzimadzi chonunkha nsomba chimasonyeza kuti mabakiteriya oteteza, otchedwa Lactobacillus, achepa, pamene chathovu chimaloza ku Trichomonas, kachilombo kopatsirana pogonana kamene kamabwereranso ngati mwamuna sanamwe nawo metronidazole.

Pamene mzamba amachedwapo kwambiri ndi pa mabakiteriya oteteza aja, chifukwa ndiwo amasunga njira ya abambo ili ya asidi, pa muyeso wa pH wosapitirira 4.5, kuti tizilombo tina tisaswane. Kutawasa mkati ndi sopo, kupukutamo ndi kansalu, ndiponso kuikamo zitsamba zoumitsa pofuna kusangalatsa mwamuna kumawapha, moti mayi amene amadzisamalira kwambiri ndiye amadwala kawirikawiri. Kunena zimenezi kumafuna ulemu waukulu, popeza malangizo odzisamalira motero anachokera kwa anankungwi kapena azakhali amene mayiyo sangawatsutse, ndipo mzamba wokalipa amangochititsa kuti wodwalayo asadzabwerenso.

M'maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, mzamba amafunsanso kumene mayi amasamba ndi kuchapa, chifukwa mazira a likodzo amakhazikika m'ziwalo zoberekera n'kuyambitsa zizindikiro zofanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel.

Malangizo otsala ndi achidule: kusamba kunja kokha ndi madzi oyera, kuvala kabudula wamkati wa thonje woumitsidwa bwino padzuwa, ndi kumaliza mankhwala. Mayi amene akutaya magazi atagonana, kapena amene chikazi chake sichikusintha atalandira chithandizo, ayenera kuyezedwa khansa ya khomo la chiberekero mosachedwa.