Pa Cipilala ca Asilikali ku Zomba

Akristu anzanga, tsiku lina ndinafika ku Zomba, patsinde pa phiri, ndipo ndinaima pa cipilala cokumbukira asilikali a K.A.R. amene anafa pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Pomwepo ndinakumbukira agogo anga, amene dzina lao silinalembedwe pa mwala uli wonse.

Iwo anasiya khasu akali mnyamata, naoloka nyanja yaikuru, nakamenya nkhondo yaciwiri ku Burma m'caka ca 1944, m'nkhalango za mvula ndi malungo. Atabwerako analowa upolisi ku Zomba komweko, nagwira nchitoyo kufikira imvi. Potsiriza anabwerera ku munda wa makolo ao, natolanso khasu lija.

Pocoka pa cipilalapo ndinapita kukaona mundawo. Nyumba inagwa kale, koma mitengo ya mango imene anabzala irikubalabe, ndipo ana a m'mudzi alikudya zipatso zace osadziwa wobzala. Cipilala cao ndi cimeneco.

Za nkhondo sanakonde kusimba. Koma madzulo onse anali kupemphera korona cifukwa ca anzao amene anagona ku Burma. Tsono agogowo anapita: adzawapempherera ndani? Mwezi uno wa Novembara, pogwada ndi ana anu, muwakumbukire onsewo kwa Mulungu.