Dzina Lokuitanira ndi Keyala Yokupezera

Abale ndi alongo okhala kunja kuno, ife ndife ana atatu a mimba imodzi, ndipo pali nkhani imene takhala tikuisunga mumtima kwa zaka zambiri. Taganiza zoifotokoza lero chifukwa cholakwa chimene tinachita ife tikuchionabe m'mabanja ena.

Titangofika ku Britain, mnzathu wina anatiphunzitsa kuimba foni pa kompyuta kudzera pa Skype. Pulogalamuyo inafuna kuti tisankhe dzina lolowera, limene pa Chingerezi amati username. Tinatenga chiwongo chathu n'kulumikiza ndi dzina la mudzi wa kwathu, ndipo tinalinyadira kwambiri. Polembera kalata amalume, amene anatilipirira sukulu bambo athu atatisiya, tinawonjezera m'munsi kuti akatifuna pa intaneti atipeze pa dzina limeneli. Iwo analikopera m'kabuku kawo ka makeyala, pafupi ndi ma P.O. Box a abale ena.

Amalume atadwala mwakayakaya, ife tinali titangosamuka nyumba, ndipo nambala ya foni imene anali nayo kumudzi inali itasiya kugwira ntchito. Msuweni wathu anakwera minibasi kupita kutauni, analipira mphindi zake pa internet cafe, ndipo analemba dzina lija pamalo olembapo keyala ya imelo. Kompyuta inakana. Mnyamata wa pamalopo, pofuna kuthandiza, anawonjezera chizindikiro cha @ ndi dzina la kampani ina ya imelo. Uthenga unapita ndithu, koma sunafike kwa ife. Kumudzi anadikira yankho mpaka tsiku loika maliro. Ife tinamva patapita milungu itatu, kudzera m'kalata ya papositi imene inayamba yafikira kunyumba yakale ija. Chimene chinatipweteka koposa n'chakuti mayi athu aang'ono anali atayamba kale kunena kuti ana aja atchona.

Sitiloza chala msuweni wathu kapena mnyamata uja. Olakwa tinali ife, amene tinapereka dzina pamene panafunika keyala.

Kusiyana kwake si kwachilendo kwa munthu wokulira kwathu. Pamudzi mukafuula kuti aPhiri, amene mukumufunayo amavomera, chifukwa aliyense akudziwa amene mukunena. Koma mukalemba dzina lokhalo pa envulopu n'kuponya ku positi ofesi, kalatayo siyenda. Pamafunika bokosi la sukulu kapena la tchalitchi, dzina la positi ofesi, ndiponso dziko. Username ili ngati dzina la pamudzi lija. Imagwira ntchito m'nyumba imodzi yokha, kaya ndi ku banki, ku Facebook kapena kuntchito. Mukatuluka m'nyumbamo, dzina lomwelo likhoza kukhala la munthu wina amene simunamuonepo.

Keyala ya imelo ili ndi mbali ziwiri. Kumanzere kwa @ kuli dzina la bokosi lanu, ndipo kumanja kuli dzina la nyumba yosunga bokosilo, monga gmail.com kapena yahoo.com. Nthawi zina kumapeto kwake kumaonetsa dziko: .mw ndi Malawi, .zm ndi Zambia, .za ndi South Africa, .uk ndi kuno. Amene anasankha chizindikiro cha @ anali Ray Tomlinson wa ku America, m'chaka cha 1971, pofuna kulekanitsa dzina la munthu ndi dzina la kompyuta imene munthuyo akupezekapo. Mbali ziwirizi zikakhala pamodzi, bokosi lake ndi limodzi lokha padziko lonse. Mukasintha ya kumanja, mwagogoda pakhomo la eni ake.

Chisokonezo chakula masiku ano chifukwa malo ambiri amatilola kulowa pogwiritsa ntchito keyala ya imelo m'malo mwa username, ndipo ku Instagram dzina lolowera limatchulidwa ndi @ kutsogolo kwake. Choyenera kukumbukira n'chakuti ngati @ ali koyambirira, limenelo ndi dzina chabe. Keyala yeniyeni imakhala ndi @ pakati.

Taphunziranso kuti dzina limatha pamodzi ndi nyumba yake. Skype, imene inayamba mu 2003, inatsekedwa mu May 2025, ndipo dzina lathu lonyaditsa lija palibenso kolitchulira. Keyala nayo imafuna kuisamala. Mu 2013 Yahoo inamasula makeyala amene anakhala chaka chathunthu osatsegulidwa kuti anthu ena awatenge, ndipo mu 2023 Google inalengeza kuti ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri isakugwiritsidwa ntchito. Keyala ya kuntchito kapena ya kukoleji imatsekedwa kawirikawiri munthu akachokako. Ndipo tikaiwala mawu achinsinsi olowera kwina kulikonse, uthenga wotithandiza kukonza atsopano nthawi zambiri umapita ku imelo imene tinalembetsa. Ikakhala kuti inatsekedwa, zithunzi za ana athu ndi makalata a makolo zikhoza kutsekeredwa momwemo.

Kuchokera pa maliro aja, m'banja mwathu tinakhazikitsa mwambo. Aliyense ali ndi keyala imodzi yakeyake, yosadalira bwana kapena sukulu. Timailemba yonse mpaka chilembo chomaliza, ndipo tikaipereka kwa wachibale timamupempha kuti atumize kauthenga koyesera ife tikudikira, kenaka timayankha. Ana athu, amene anabadwira kuno ndipo ali ndi mayina olowera osawerengeka, amatiseka kuti ndife achikale. Timawalola aseke, kenaka timawafotokozera za amalume.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Tikukupemphani kuti sabata ino muimbire foni kumudzi, ndipo mufunse amene amasunga kabuku ka makeyala kuti akuwerengereni zimene zalembedwa pafupi ndi dzina lanu.