Nyimbo Ili ndi Mwini Wake

Ife a ku Josina Machel, mu mzinda wa Tete, timakonda nyimbo. Timazimva pa wailesi, pamsika ndi pa maukwati. Kawirikawiri nyimbo imodzi timaimva kwa oimba awiri kapena atatu. Tsono timafunsana kuti, "Kodi mwini wake ndani?"

Kuimbanso nyimbo ya mnzako si kuba. Ku America kuli nyimbo za anthu akuda zochedwa rhythm and blues. M'caka ca 1965, Otis Redding anapeka nyimbo yochedwa "Respect". Mau amenewa atanthauza ulemu. M'nyimboyo mwamuna akupempha mkazi wake kuti azimpatsa ulemu pofika panyumba. M'caka ca 1967, mai wina, Aretha Franklin, anaiimbanso. Pakamwa pa maiyu nyimbo inatembenuka. Tsopano wofuna ulemu ndi mkazi. Nyimboyi inachuka kuposa yoyamba ija. Koma pa mbale yake panalembedwa dzina la Otis Redding, kuti ndiye anaipeka. Conco dzina lake silinatayike.

Si onse anacita mwai wotere. Ku Johannesburg kunali munthu wa Cizulu, dzina lake Solomon Linda. Iye sanaphunzire kulemba ndi kuwerenga. M'caka ca 1939 anajambula nyimbo yochedwa "Mbube", ndiye kuti mkango. Kampani ya Gallo inampatsa masheleni 10 okha, nyimbo n'kukhala ya kampani.

Nyimboyo inaoloka nyanja. Ku America gulu la The Weavers linaiimba, n'kuicha "Wimoweh". Pa mbale yao panalembedwa dzina lina, osati la Linda. M'caka ca 1961 gulu la The Tokens linaiimbanso, n'kuicha "The Lion Sleeps Tonight". M'caka ca 1994 inamveka m'kanema wa The Lion King. Anthu ambiri analemera nayo.

Nanga Linda? Iye anamwalira m'caka ca 1962 ali mmphawi. Banja lake linalephera ngakhale kugula mwala wa pamanda. Patapita zaka zambiri, mlandu unafika ku khoti. M'caka ca 2006 panagwirizanidwa kuti ana ake azilandirako gawo la ndalama za nyimbo ya atate ao.

Anzathu, nkhaniyi si ya oimba okha. Nafenso timakumana ndi mapepala. Timawaona pogulitsa fodya ndi thonje, polembedwa nchito, potenga ngongole, ndi pa nkhani za minda. Munthu wosawerenga amangodinda cala. Zolembedwazo amamuuza ndi wina. Ngati winayo anama, adzadziwa bwanji?

N'cifukwa cake timaphunzira. Tiyeni tizolowere kuwerenga pepala lonse, mzere ndi mzere, tisanalembepo dzina. Pamene sitinamvetse, tifunse. Thukuta ndi lathu, ndipo dzina lolembedwa pa pepalalo likhale lathu.