Kaputeni Akamamvera Wamng'ono

Ku Nkaya kulibe bwalo la ndege. Chomwe chiliko ndi mphambano ya njanji. Ina imachokera ku Limbe kupita ku Balaka mpaka ku Salima, ina imadzera pa Liwonde kukatulukira ku Nayuchi ndipo idatsegulidwa mu 1970, pamene ina yatsopano imachokera ku Moatize, ndipo ndi imene pamadutsa sitima zazitali zonyamula malasha kupita ku Nacala. Ana a kumeneko tidakula tikuwerenga mabogi, ndege tinkangoiona ikulemba mzere woyera kumwamba. Komabe pano pa koleji, kagulu kathu ka ochokera ku Nkaya ndi ku Utale ndi kamene kamadziwika ndi nkhani za ndege.

Chidwichi chidayamba ndi maliro. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu 9 adafa, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima. Masiku amenewo aliyense adasanduka katswiri. M'minibasi, kuchigayo, pabawo, wokuwa kwambiri ndiye ankamveka ngati wodziwa. Ife tidayamba kudzifunsa kuti kodi pakati pa oyendetsa ndege eniakewo, amene mawu ake amalemekezedwa ndi munthu wotani. Tidayamba kubwerekana zolembedwa za ngozi zakale n'kumakambirana madzulo tikachoka kodyera. Tidapeza kuti iwo amalemekeza munthu wa makhalidwe awiri: wonena poyera pamene adaphonya, komanso womvera wamng'ono akamuchenjeza. Ndipo nzeru imeneyi adaiphunzira atakwirira anthu ambiri.

Pa 1 Disembala 1974 ndege ya kampani ya TWA idagunda phiri ku Virginia, m'dziko la America, ikutsika kuti ikatere pafupi ndi Washington. Anthu onse 92 adafa. Pofufuza zidadziwika kuti milungu isanu ndi umodzi m'mbuyomo, ndege ya kampani ya United idatsala pang'ono kugunda phiri lomwelo, oyendetsa atasokonezeka ndi malangizo mwanjira yomweyo. Iwo adakanena kwa abwana awo, ndipo anzawo a ku United adachenjezedwa. Koma uthengawo sudafike ku TWA. Mwa zina, n'chifukwa chake mu 1976 padakhazikitsidwa njira yoti woyendetsa ndege, makaniko kapena wolondolera ndege ali pansi azitha kulemba zimene walakwitsa n'kutumiza ku bungwe la NASA, dzina lake osaululidwa. Nkhanizo amazisonkhanitsa n'kuzifalitsa kuti ena aziwerenga, ndipo munthu amaphunzira pa vuto la mnzake asanakumane nalo yekha.

Phunziro lachiwiri lidali lowawa kwambiri. Pa 27 Malichi 1977, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zikuluzikulu za Boeing 747 zidawombana pabwalo kuli chifunga, ndipo anthu 583 adafa. Kaputeni wa ndege ya KLM, Jacob Veldhuyzen van Zanten, sadali wophunzira kumene ayi. Adali mkulu wophunzitsa anzake, ndipo chithunzi chake chinkaikidwa m'zotsatsa malonda za kampaniyo. Atayamba kuthamangitsa ndege kuti inyamuke, injiniya amene adakhala kumbuyo kwake adafunsa ngati ndege ya Pan Am idali itachoka kale mumsewu. Kaputeni adayankha motsimikiza kuti yachoka, ndipo funsolo lidathera pomwepo. Wamng'onoyo ndiye adali atamva bwino. Kuchokera pa ngozi ngati imeneyi, makampani a ndege adayamba kuphunzitsa akuluakulu kumvera ndiponso ang'onoang'ono kuyankhula molimba mtima, mobwereza, mpaka atamveka.

Zipatso zake zidaoneka pa 19 Julayi 1989. Injini ya kumchira kwa ndege ya United idaphulika ili m'mwamba n'kuwononga mapaipi onse amene amathandiza kuwongolera ndege. Kaputeni Al Haynes adamva kuti pakati pa okwera pali mphunzitsi wa oyendetsa ndege, Dennis Fitch, ndipo adamuitanira kutsogolo n'kumupatsa zogwirira za injini ziwiri zotsalazo. Adakaigwetsera pabwalo la ku Sioux City, ndipo mwa anthu 296, oposa 180 adapulumuka. Haynes adakhala zaka zambiri akuyendayenda kufotokoza za tsikulo, akunena kuti payekha sakadakwanitsa.

Tikamawerenga zimenezi timakumbukira achikulire a kwathu amene adagwirapo ntchito ya njanji. Njanji yathu ndi ya mzere umodzi, choncho sitima ziwiri zimapatukirana pa siteshoni pokha, ndipo moyo wa anthu umadalira mawu amene woyendetsa, wa pa siteshoni ndi wotembenuza njanji apatsana. Achikulirewa alipo a mitundu iwiri. Ena nkhani zawo zonse ngwazi ndi iwo: sadachedwepo, sadasinzepo, sadasokonezepo uthenga. Timawamvera mwaulemu, timaseka pofunika kuseka, koma sititolapo kanthu. Ena amakuuza za usiku umene adaiwala kubwereza uthenga, za mnyamata woyendera njanji amene adawaimitsa ndi nsalu yofiira mvula itakokolola dothi pansi pa njanji, ndi mmene adayambira kumukalipira asanatsike kukaona. Anyamata amene alowa ntchito kumene amapita kwa achikulire achiwiriwa.

Sitikunena kuti ulemu uthe. Tidaleredwa kuti mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo taona mwambiwu ukukwaniritsidwa kangapo. Oyendetsa ndege nawo sadachotse udindo wa kaputeni, chigamulo chomaliza chikadali chake. Chimene adachotsa ndi ulemu wongokhala chete pamene ukuona phiri kutsogolo. Chichewa chathu chili nazo kale njira zoyankhulira zimenezi popanda mwano. Munthu atha kunena kuti, "Pepani bambo, mwina ndaona molakwika, koma tiyeni tionenso." Akapanda kumva, abwereze momveka: "Bambo, imani kaye, apa pali ngozi."

M'buku la Machitidwe, chaputala 27, muli nkhani yofanana ndi imeneyi. Paulo, ali mkaidi, adachenjeza kuti ulendo wa panyanja ukhala woopsa. Mkulu wa asilikali adakhulupirira woyendetsa ngalawa ndi mwini wake, poti ndiwo adali odziwa nyanja. Ngalawa idasweka pa chilumba cha Melita. Anthu onse 276 adapulumuka, ndipo china chimene chidathandiza n'choti namondwe atafika povuta, asilikali aja adayamba kumvera mkaidi uja.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa posachedwapa tonse tikhala ang'onoang'ono pantchito. Anzathu a ku Malamulo akaima pambali pa dokotala wa zaka makumi awiri pantchito, n'kuona kuti mlingo wa mankhwala amene walembera mwana ndi wa munthu wamkulu. Bungwe la WHO lidatulutsa mu 2008 ndandanda wa zoyenera kufunsana opaleshoni isanayambe, nzeru yobwerekedwa kwa oyendetsa ndege, ndipo mwa zina umafuna kuti aliyense m'chipindamo atchule dzina lake ndi ntchito yake, kuti pakamwa patseguke msanga. A zowerengera ndalama akapeza lisiti losagwirizana ndi buku la abwana. A zaubusa akakhala mu komiti ya mpingo ndi akulu amene adawabatiza.

Akatswiri a ku Germany amene adafufuza ngozi ya ku Chikangawa adapeza kuti ndegeyo idalibe makina osunga mawu a oyendetsa. Zimene adayankhulana m'mphindi zomaliza zidapita nawo, ndipo woyendetsa ndege wina aliyense sadzaphunzirapo kanthu. Ife mawu athu tikadali nawo. Tikupempha aphunzitsi athu ndi amene adatsiriza maphunziro pano kuti akabwera kudzayankhula nafe pa mapemphero a Lachisanu madzulo, asatiuze za mphoto zokha. Atiuzenso za tsiku limene namwino wamng'ono kapena mlonda wa pageti adawaletsa, ndi zimene zikadachitika akadapanda kumumvera. Nafenso a chaka chachinayi tili nawo ang'ono athu a chaka choyamba m'zipinda zogona ndi m'kalasi ya Sukulu ya Sabata, ndipo wina akatiuza kuti tionenso, tiyenera kuima n'kuonanso.